Penti Watsopano pa Jenereta ya Atate

Atate anamwalira nthawi yokolola, ndipo tsiku logawa katundu wawo ine ndi msuweni wanga tinagwirana pakhosi pakhomo pa shedi, anthu akuona. Ine ndinali nditapuma kale pa ntchito ya uhedimasitala, imvi zili mbuu, iyenso ali ndi zidzukulu zodzaza ngolo. Ndinamung'ambira kolala ya malaya, iye n'kundiponda chala chakuphazi ndi jombo mpaka chikhadabo chinadzachoka patapita sabata. Akuluakulu a mpingo anachita kutikoka ngati agalu olumana. Chimene tinkalimbirana chinali jenereta ya dizilo yakalekale imene inali m'shedimo, pamunda wa atate ku Chiparamba.

Chinali chimakina cholemera, chokhala pa zitsulo ziwiri zonga njanji, choti amuna asanu ndi mmodzi sakanachitukula. Chinalibe batire kapena kiyi. Umachita kupukusa ndi handulo yachitsulo yotalika ngati mkono, imene inkapachikidwa pa msomali kukhoma. Chaka chilichonse Khrisimasi isanafike atate ankaipaka jeneretayo penti wabuluu, yemwe uja wa zitseko za kutchalitchi, ndipo pentiyo anasanjikizana mpaka mabawuti ena anabisika. Ine ndinakula ndikudziwa kuti atate anaigula kwa asilikali ndi ndalama zawo za ukalaliki, n'kuibwereketsa ku mpingo kufikira malaiti atafika.

Msuweni wangayo ndi mwana wa azakhali, mlongo wawo wa atate, ndipo amalima fodya ndi mtedza ku Kasenengwa. Moyo wathu wonse tinkanyozana mwachisuweni. Iye ankanditchula kuti ahedi ngakhale pamaliro, ine n'kumamuyankha kuti pulofesa wa giredi folo, ndipo tinkatha kuseka mpaka misozi. Koma tsiku limenelo sanaseke. Anaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti jeneretayo inali ya atsibweni a atate, msilikali wakale wa kwawo, ndipo chinthu chochokera kwa atsibweni chimayenda m'mbumba, sichipita kwa ana. Zikanathera pomwepo bwenzi ndinangomuseka. Anawonjezera kuti amalume ake sanagule konse, anachita kulanda, ndipo wolanda ndi wakuba ndi amodzi.

Atate anali mkulu wa mpingo zaka zoposa makumi anayi. Kuwatchula wakuba, dothi la pamanda lisanaume, magazi anga anawira ndipo sindinadziwenso kuti manja anga afika bwanji pakhosi pake.

Akuluakuluwo anagamula kuti jenereta ikhale m'shedi mpaka chaka chamawa, tsiku lovundukula chiliza. Ndikabweretsa umboni woti atate anagula, idzakhala yanga ndipo msuweni adzapepesa pagulu. Ndikalephera, idzakwera ngolo kupita ku Kasenengwa, ndipo aliyense adzadziwa chimene zimenezo zikutanthauza. Kunena zoona chimakinacho sindinkachifuna kwenikweni, ngakhale malaiti ankazimazima ku Kapata kumene ndimakhala. Ndinkafuna kuti munthu uja adzameze mawu ake anthu akuona.

Ndinaganiza kuti ntchito yake ndi yamasana amodzi. Atate anali kalaliki wophunzira ku mishoni, ndipo kwathu pepala silinkatayidwa. M'bokosi lawo lachitsulo ndinapezamo lisiti la njinga, la wailesi, la malata a nyumba, la magalasi a amayi, ngakhale la khasu, zonse zomangidwa ndi ulusi chaka ndi chaka. Ndinafufuza masiku atatu. La jenereta munalibe. Mkazi wanga atangonena kuti mwina analibe lisitilo, ndinamenya tebulo mpaka kapu inagwa n'kusweka, ndipo iye anatola zidutswazo.

Mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Kusukulu ana ankathawa akangomva nsapato zanga pakhonde, ndipo ndinathyolera zikoti zambiri pamatako pa ana a eni, ndikudzitcha wokonza mtundu. Ndinatengera kwa atate. Iwo ankayamba apemphera nawe, kenako n'kuvula lamba, ndipo ukalira ankawonjezera. Ndinkawaopa ndipo ndinkawakonda, zonse ziwiri mwamphamvu, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti chinkaposa chinzake ndi chiti.

Pepala litasowa ndinatembenukira ku foni. Pa intaneti ndinapeza gulu la azungu okalamba amene ntchito yawo ndi kusirira mainjini akale, ena amachita kuwapukuta ngati ana. Ndinawatumizira zithunzi. Anakondwa ngati ndawatumizira ng'ombe. Anati maonekedwe ake ndi a makina amene ankapangidwira asilikali, koma kuti anene zenizeni ndipale penti chapafupi ndi gudumu lalikulu lija, ndipeze kachikwangwani kamkuwa kokhala ndi manambala. Wina anafunsa ngati imalira. Funso limenelo linandichititsa manyazi, chifukwa inali itakhala zaka zambiri osalizidwa, ndipo ndinaganiza zoyamba ndaidzutsa ndisanaipale.

Ku Kapata kuli mdala wina amene anagwira ntchito ya umakaniko kugalaja ya boma mpaka kupuma, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, wowonda, manja akuda ndi oyilo wosachokanso. Ndinamulipirira minibasi tinapita limodzi ku Chiparamba. Anatsuka mapaipi, anathira oyilo ndi dizilo watsopano, kenako n'kundilangiza kagwiridwe ka handulo: chala chachikulu chisazungulire chitsulo, chigone pamodzi ndi zinzake, chifukwa injini ikakana imabweza. Ine ndinamva ngati mwana wa giredi wani akundiphunzitsa kulemba dzina. Ndinagwira mmene ndinafunira, n'kupukusa mwamphamvu. Injini inatsokomola kamodzi, handulo inabwerera m'mbuyo n'kundimenya pamkono, ndipo ndinapezeka ndagwada pansi ndikutukwana mawu amene sindinawatchulepo chiyambire kudya mgonero.

Mdalayo anaseka mpaka kutsamira khoma. Kenako analavulira m'manja, anagwira yekha, anapukusa pang'onopang'ono, n'kugwetsa kachitsulo kena pamwamba. Chimakinacho chinabangula. Malata a shedi ananjenjemera, fumbi linagwa kudenga, nkhuku zinathawira m'munda, utsi wakuda unatitsamwitsa tonse. Ine ndinaiwala mkono n'kuyamba kuseka ndi chimwemwe. Koma mdalayo anali atasiya kuseka. Anaizimitsa, anaizungulira kawiri, anasisita thanki ya dizilo ndi chikhatho, n'kunena kuti makinawa akuwadziwa.

Anandifotokozera atakhala pathumba la chimanga. Anati jeneretayo anaigula ndi msilikali wina wa ku Kasenengwa amene anabwerako ku nkhondo yaikulu ya azungu atadziwa za mainjini. Anaigula pamene boma linkagulitsa zotsala za asilikali, tauni ino isanasinthe dzina, ndipo anagulitsa ng'ombe kuti akwanitse. Anali ndi kagolosale, ndipo Loweruka ankayatsa mababu pabwalo, anthu n'kumavina ndi kumwa. Mwana wa mlongo wake, kalaliki wopemphera kwambiri, zimenezi zinkamunyansa. Anamuuza kangapo kuti makina otere ayenera kuunikira nyumba ya Mulungu osati zidakwa, msilikaliyo n'kumangomuseka. Tsiku lina masana kalalikiyo anafika ndi ngolo ndi gulu la amuna a kumpingo. Msilikaliyo anakumbatira injini yake, dzanja lamanja litagwira chitsulo chapansi. Kalalikiyo anatenga handulo n'kumenya dzanjalo katatu. Kamodzi anaphonya n'kuphwanya thanki.

Makanikoyo anati iye ndiye anaitanidwa kukakonza thankiyo kutchalitchi, ndipo dzanja la msilikaliyo analiona ndi maso ake litapindika ngati phazi la nkhuku. Munthu amene ankadya ndi sipanala sanagwirenso sipanala mpaka imfa. Nkhani sinapite kupolisi chifukwa inali ya pachibale, ndiponso ndani akanamanga munthu amene wabweretsa kuwala m'tchalitchi.

Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti akulankhula ndi mwana wa ndani. Anati akudziwa, n'chifukwa chake akunena. Ndinamugwira malaya ndi dzanja labwinolo, ndinamudzutsa, n'kumukankhira kunja. Anagwa chagada pamulu wa zitsononkho, chipewa chinagubuduka. Munthu wamsinkhu wa atate anga. Anadzuka pang'onopang'ono, anatola chipewacho, n'kundiyang'ana popanda mantha.

"Aphunzitsi, ine mungandimenye, koma chitsulo sichinama. Palani pentiyo muone."

Anakana kukwera nane minibasi imodzi pobwerera.

Chimene chinandipweteka n'chakuti tsiku limenelo ndinkalikumbukira. Ndinali ndi zaka ngati khumi pamene ngolo inafika pamishoni itanyamula chimakina chobiriwira, amayi a chigwirizano akululutira, ife ana tikuthamanga pambuyo. Atate ankayenda patsogolo pa ng'ombe, malaya awo oyera ali ndi madontho ofiira pamkono. Amayi anawanyika m'beseni kuseri kwa nyumba ndipo nditafunsa anandimenya khofi. Mababu atayaka koyamba m'tchalitchi ndinadzimva ngati mwana wa mfumu. Zaka zonsezi madontho aja ndinawaika pa ng'ombe, kuti mwina inachita kuvulala m'njira.

Miyezi inadutsa osapitako ku shedi. Ndinkanamizira mkono, ngakhale unapola m'masabata atatu. Azungu aja ankandikumbutsa za kachikwangwani, ine n'kumawayankha kuti kuno kukugwa mvula. Kutchalitchi ndikakumana ndi makaniko uja ndinkayang'ana kumbali. Ndinkadziuza kuti ndi nkhalamba yosokonezeka mutu, kapena msuweni anaigulira mowa. Koma mlandu suola, ndipo tsiku la chiliza linkayandikira. Kutatsala masiku anayi ndinapita ndekha, nditatenga mpeni ndi sandipepa, n'kudzitsekera m'shedimo.

Penti wa atate ankachoka ngati makungwa. Pansi pa buluu panali buluu wina, pansi pakenso wina wotuwa, zaka ndi zaka za dzanja lawo, mpaka ndinafika pa mtundu wobiriwira wa asilikali. Kachikwangwani kamkuwa kanalipodi, manambala ake ooneka bwinobwino, pambali pake pali chizindikiro chonga muvi. Ndinajambula n'kutumiza. Pasanathe ola mayankho anayamba kugwa. Anati muviwo ndi chizindikiro cha katundu wa asilikali a boma la azungu, makinawo ndi a nthawi ya nkhondo yaikulu ija, ndipo otere anatumizidwa m'maiko ambiri n'kudzagulitsidwa nkhondo itatha. Ndinawafunsa ngati manambalawo anganene amene anagula. Anati ayi, zimenezo palibe angadziwe. Mtima wanga unakhala pansi, ndipo ndikanalekera pomwepo.

Koma munthu wozolowera kufufuta bolodi sasiya pakati. Ndinapitiriza kupala kutsikira m'munsi kuti chithunzi chikaoneke bwino, ndipo mpeni unakodwa. Pachitsulo chapansi, kamtunda ka chikhatho chimodzi kuchokera pa kachikwangwani, panali mizere itatu ndi kamtanda, zogobedwa ndi tchizulo. Msilikali uja sankadziwa kulemba, ndiye chilichonse chake ankachidinda motero. Chizindikirocho ndinakula ndikuchiona pa nkhwangwa ndi pa mtondo wa kwa azakhali, ndipo aliyense wa m'banja mwathu amachidziwa. Ndinapalanso thanki pamene makaniko anasisita paja. Panali potiwizika, powotcherera.

Ndinakhala pansi nthawi yaitali. Ndinalira, koma osati kulirira msilikaliyo. Ndinkalirira ine mwini, ndi mawu amene ndinali nditalembetsa kale pachiliza. Ndinakwiyira atate, ndinakwiyira msuweni chifukwa chonena zoona, ndinakwiyira ngakhale azungu aja pondituma kupala. Kenako ndinakwera minibasi kupita m'tauni, ndinagula chitini cha penti wabuluu ndi bulashi, m'mawa mwake n'kubwerera. Kachikwangwani ndinakasiya poyera. Mizere itatu ija ndi thanki ndinazikwirira. Kuti mizere yogobayo isaonekere ndinapaka mochindikala, katatu konse, osadikira kuti woyamba aume, n'kutseka chitseko ndi loko.

Kulakwa kwanga kunali kwa mphunzitsi. Zaka makumi atatu ndinazolowera kuti anthu amayang'ana pamene ndaloza ndi ndodo.

Tsiku lovundukula chiliza kunabwera anthu ambiri, a ku Chiparamba, a ku Kasenengwa ndi a m'tauni. Tinaimba, abusa analalikira, nsalu yoyera inachotsedwa, ndipo ine ndinawerenga mokweza mawu onena kuti atate anali mtumiki wokhulupirika. Anthu atadya, akuluakulu anaitanitsa mipando pakhomo pa shedi. Azakhali anakhala pamphasa chapatali, atafunda chitenje kumutu. Msuweni anabwera ndi ana ake aamuna awiri, akuluakulu okhala ndi mabanja awo, ndipo anandipatsa moni wa ahedi ngati kale, akumwetulira.

Ndinali nditasindikiza mauthenga a azungu aja pakashopu ka ku Kapata n'kuwaika m'fayilo. Ndinavala magalasi, ndinatsegula shedi, ndinaloza kachikwangwani, n'kuyamba kuwerenga Chingerezi pang'onopang'ono, ndikumasulira chiganizo ndi chiganizo. Za muvi ndinanena zoona. Za nkhondo ndinanena zoona. Kenako ndinatembenuza pepala n'kunena kuti manambalawo akusonyeza kuti makinawa anagulitsidwa kwa kalaliki wa pamishoni, zimene papepalapo panalibe. Mawu anga sananjenjemere n'komwe. Akuluakuluwo anagwedeza mitu. Kwathu pepala lolembedwa Chingerezi, lowerengedwa ndi hedimasitala, salitsutsa. Mmodzi anatembenukira kwa msuweni kuti akonzeke kupepesa.

Iye sankamvera n'komwe. Anali atalowa m'shedimo, mphuno ili m'mwamba. Munthu wosankha fodya amadziwa tsamba ndi fungo ndi chala, ndipo ine zimenezo ndinaziiwala. Anawerama, anadinikiza chala chachikulu pachitsulo chapansi, n'kuchitukula kuti onse aone. Chinali chabuluu.

"Ahedi, amalume tinawaika chaka chatha. Nanga penti uyu wapaka ndani? Kapena akumadzuka kudzapenta?"

Anthu anaseka, ngakhale abusa anabisa pakamwa. Ine ndinati ndinangokonza pamene panachita dzimbiri. Iye anati palibe vuto, dzimbiri nalonso tilione, n'kutulutsa mpeni wake m'thumba. Anagwada, anagwira chitsulocho ndi dzanja lamanja kuti atsamire, n'kuyamba kukanda ndi lamanzere, pakuti mpeni amagwirira kumanzere chibadwire. Penti wosaumayo ankachoka ngati phala. Ndinamuuza kuti asiye. Anapitiriza, akuimba kanyimbo. Ndinamuuzanso kachiwiri, ndipo mzere woyamba unaonekera.

Sindinganene kuti sindinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinachidziwa. Ndinaika fayilo pampando, ndinatambasula mkono kukhoma, ndinachotsa handulo pamsomali, n'kuitsitsa ndi manja awiri pa dzanja lake lamanja. Phokoso lake linali ngati kuthyola chinangwa chouma. Sanakuwe, anangotsegula pakamwa n'kundiyang'ana. Ndinamenyanso pomwepo. Kachitatu ndinalunjika kumutu, iye anazinda, chitsulo chinamupeza paphewa n'kumugwetsera pansi pa injini.

Ana ake anandigwera. Wina anandimenya chibakera pakamwa mano awiri n'kuthothoka, wina anandigwetsa n'kumandiponda m'nthiti ndi nsapato. Ndinamva nthiti ikuthyoka, ndipo ndikuvomereza kuti ululu umenewo ndinaulandira ngati madzi akumwa. Mipando inagubuduzika, amayi ankakuwa, mkulu wina wa mpingo anathyoledwa magalasi polanditsa. Mkazi wanga anadzigwetsa pamwamba panga, ndipo ndi iye amene anachititsa kuti anyamatawo aleke. Nditatukula mutu ndinaona magazi akuyenderera pa penti wabuluu uja, ndi mapepala anga atamwazika, anthu akuwaponda. Penti wosauma uja anali atafufutika polimbanapo, mizere itatu ndi kamtanda zinali poyera, ndipo akuluakulu onse anali ataziona.

Anatinyamulira m'galimoto imodzi ya abusa kupita kuchipatala m'tauni, iye kutsogolo, ine kumbuyo. Ine ananditulutsa m'mawa mwake. Iye anakhala masabata awiri. Anamudula zala ziwiri, ndipo zitatu zotsalazo zinauma, sizipinda. Apolisi atabwera kudzafunsa, anawauza kuti ngolo inamugwera padzanja. Ana ake ankafuna kuti ndimangidwe, iye anawaletsa. Ndikanakonda akanandimangitsa, chifukwa kundende munthu amadziwa tsiku lotuluka.

Mpingo unandiimitsa mgonero. Ku Kapata anthu amene ndinawaphunzitsa anayamba kundipatsa moni wapatali. Ndinapita kwa makaniko uja kukapepesa; anandilandira pakhonde, anamva zonse, n'kungonena kuti wamva. Azungu aja anapitiriza kundilembera, kufunsa ngati ndingawajambulire injini ikulira, mpaka ndinatuluka m'gulu lawolo.

Nthiti zitapola ndinachita hayala lole yaing'ono ndi amuna oti anyamule. Ndisanaikweze ndinapala penti yense wa pachitsulo chija mpaka chizindikiro cha msilikali chinawala, kuti ifike kwawo ili ndi dzina la mwini wake poyera. Tinafika ku Kasenengwa dzuwa lili pamutu, nthawi yoti anthu ali kudimba. Pakhomo panali msuweni yekha ndi azakhali. Iye anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, dzanja lili m'nsalu pachifuwa, atawonda kwambiri. Azakhali anali pamphasa pambali pake, akumuswera mtedza n'kumamuikira m'dzanja lamanzere.

Ndinavula chipewa n'kugwada pafumbi, ine amene sindinagwadirepo munthu chikulire. Ndinanena zonse mosabisa: kuti atate analanda, kuti anaphwanya dzanja la atsibweni awo, kuti ndinadziwa chiliza chisanavundukulidwe, kuti ndinapaka penti, kuti ndinanama powerenga pepala. Ndinati jenereta ndi ya mbumba yawo ndipo ndaibweretsa. Ndinalankhula nthawi yaitali, monga mwa chizolowezi changa, ndipo palibe amene anandidula.

Azakhali sanasiye kuswa mtedza. Anati palibe chatsopano chimene ndawauza. Tsiku limene atate anabwera ndi ngolo iwo analipo, ali ndi mimba ya msuweni yemweyu, ndipo ndi iwo amene anamanga dzanja la atsibweni ndi chitenje chawo. Anakhala chete zaka zonsezo chifukwa wolakwayo anali mlongo wawo, ndipo mwana wawoyu anamuletsa kangapo kuti asaiyambe nkhaniyi, koma sanamve.

"Atsibweni ndinawamangira mabatani zaka zisanu ndi zinayi mpaka anamwalira," anatero osandiyang'ana. "Ndinkati ntchito imeneyo ndinamaliza. Lomba ndakalamba, maso sakuona, ndayambanso."

Woyendetsa lole anabwera kudzafunsa ngati atsitse, poti amuna aja anali atamasula kale zingwe. Ndinayang'ana msuweni. Iye anayang'ana chimakinacho kanthawi, kenako n'kupukusa mutu.

"Bwererani nayo. Nyumba yanu yaigula kawiri, ndipo kawiri konse mwalipira ndi dzanja la kwathu. Ikatsika pano ana anga aziiona tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku lina adzabwera kwanu. Ine wachitatu sindikumufuna."

Ndinayesa kunena kuti akhoza kuigulitsa, kapena kuiponya m'dambo ngati akufuna. Iye anangotembenukira kwa azakhali. Anatsegula dzanja lamanzere, azakhali n'kumuikiramo mtedza wina. Ndinakhalabe chogwada mpaka maondo anachita dzanzi, kenako ndinadzuka, ndinavala chipewa, n'kuuza amuna aja kuti amangenso zingwe.